Tsamba la Inki Yofiira

10 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Makina anu osokera aja akuyendabe, kapena lamba adadukanso? Ine kuno ndilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Khalani pansi musanapitirize. Ndili ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi yapitirira. Za mwini wake musandifunse, anakwera basi nditangomuuza, ndipo basiyo mpaka lero sinabwerere. Imeneyo ndi nkhani yoyamba. Yachiwiri ndi imene ikundivuta kulemba. Ndimamwa mowa, Achemwali. Osati kulawa ayi, kumwa.

Mukudziwa kuti ntchito yanga n'kutsuka mabotolo ndi matambula kuseri kwa bala. Anthu amasiya timadontho pansi pa mabotolo, ife otsuka timakhuthulira m'jagi imodzi, n'kumagawana. Poyamba kunali kungocheza, ati manja asamve kuzizira kwa madzi. Pano zaka zitatu zapita, ndipo m'mawa ndikapanda kumwa theka la kapu, manja amanjenjemera mpaka tambula kundipulumuka. Mwezi uno wokha ndaswa anayi.

Lachinayi lapitali ndinalimba mtima n'kupita ku sikelo ya amayi oyembekezera. Ndinasamba, ndinatafuna ndimu, ndinakhala pa benchi ngati munthu. Tinalipo azimayi pafupifupi makumi anayi m'khonde muja. Nthawi yanga itakwana ndinakwera pa sikelo, ndiye nesi wake, wamfupi wa mawu ngati belu, anangokweza mphuno n'kukuwa kuti, "Inu mayi, mwabwera kuchipatala kapena mwasochera njira ya ku bala?" Mabenchi onse anatembenuka. Ena anaseka, mayi wina anasuntha chikwama chake ngati ndimubera. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kenako panabwera nesi wina wa magalasi, anandigwira mkono n'kundilowetsa m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kolembedwa 4 pachitseko. Anatseka, n'kundifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, kuyambira liti. Ndinanena zoona zonse, sindikudziwa kuti chinandilowa n'chiyani. Anandiyeza magazi pamkono kawiri, kenako anatenga bolopeni yofiira n'kudzaza tsamba lonse la buku langa la sikelo, mawu ena kuwadula mizere kunsi. Ankayankhula zambiri, koma ine m'makutu munkangolira mawu a wamfupi uja. Atangotuluka kukatenga chinachake, ndinanyamula buku langa n'kuthawira khomo la kuseri.

Tsambalo ndaling'amba, ndi ili ndakuikirani m'kalatamu. Zilembo zawo zija zili ngati nkhuku yapalasa, ine sindingawerenge, koma tanthauzo ndikulidziwa. Anzanga onse mabuku awo ndi a inki yabuluu, ine ndekha yofiira, kuti aliyense wotsegula adziwe kuti chidakwa chafika. Kumeneko sindipondakonso.

Chonde, chonde, musawauze Achimwene. Tili m'tauni imodzi koma ndakhala ndikuzemba msewu wa ku shopu yawo ya ukalipentala kuyambira mimba itayamba kuoneka. Ngati muli ndi kansalu kotsala, mundisokere diresi lotakasuka. Mupatsire adalaivala a lole ya matabwa omwewa pobwera Lachisanu.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime

13 Febuluwale

Iwe Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa kalata imayamba ndi moni, koma dziwa kuti ndalemba nditakwiya mpaka singano yandibaya kawiri. Ana ali bwino, alamu ako ali bwino, wodwala ndine, ndipo wandidwalitsa ndiwe.

Amayi atatisiya unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakulera ndine, ndinakusokera yunifolomu ndine, ndinasiya sukulu kuti iwe upite. Lero ukandiuze kuti ukumwa zotsala m'kamwa mwa amuna a eni ake? Uli ndi mwana m'mimba? Aaa, iwe! Manyazi amenewa ndiwasenza bwanji?

Za mimbayo sindikukalipira, mwana ndi mwana, tidzalera. Koma mowawo usiye lero lomwe, osati mawa. Usandiuze za manja kunjenjemera, amenewo ndi maganizo chabe. Munthu akafuna kusiya chinthu amangosiya, ine ndinasiya shuga tsiku limodzi dokotala atandiuza.

Nesi uja ndiye wandinyansa. Munthu wabwera yekha ndi miyendo yake, iwe n'kumuyalutsa pagulu? Ndipo wa magalasiyo ndi woipitsitsa, chifukwa mawu amauluka koma inki imatsala. Wachita bwino kung'amba. Tsambalo ndaliponya m'kabati ya makina, pamodzi ndi mabatani, sindikufuna n'kuliona komwe.

Diresi ndi ilo, labuluu, ndasiya malo okwanira mpaka mwezi womaliza. Uzidya. Undiyankhe ndi lole ya Lachiwiri.

Mkulu wako

13 Febuluwale

Achimwene,

Moni kwa inu ndi mlamu wanga. Ntchito ikuyenda? Ndalemba mwachangu, ndipo kalatayi muiwerengere panokha.

Mzime ali ndi pakati, ndipo akumwa mowa tsiku ndi tsiku. Wandiletsa kuti ndisakuuzeni, koma chinsinsi chopha munthu ine sindisunga. Inu muli naye m'tauni momwemo, mumangopala matabwa osadziwa kuti mlongo wanu akumira? Musapite kukamulalikira, mudzangomuthawitsa. Mverani zimene ndikuuzeni.

Mukamuchotse ku bala kuja. Kachipinda kaja kakuseri kwa shopu, kamene mumasungira guluu ndi zitseko, mukasese n'kuikamo matiresi. Mumusunge mmenemo masabata awiri osaona ngakhale chitsekerero cha botolo. Ngati kuli kotseka ndi loko, tsekani. Adzalira, adzatukwana, adzanama kuti akufa, inu osamvera. Mtima wanu uja wofewa muusiye kaye pa benchi.

Thupi likayera, fungo litatha, mumugulire buku la sikelo latsopano, mupite naye ku chipatala china kumene sakumudziwa, akayambe ngati munthu watsopano. Kumeneko za mowa musakatchule, ngakhale akufunseni. Anamuchititsa kale manyazi kamodzi, zakwana. Za m'nyumba mwathu zithere m'nyumba mwathu.

Ndikanabwera ndekha, koma ndili ndi mayunifolomu makumi atatu a sukulu oti ndipereke mwezi uno usanathe.

Mlongo wanu

24 Febuluwale

Achemwali,

Ndayamba ndi moni. Ife kuno tili bwino, mvula yokha ndiyo yanyanya, matabwa sakuuma. Pepani kuchedwa kuyankha, ndimafuna ndilembe nditachitapo kanthu.

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Ndinapita ku bala kuja masana, ine amene sindinapondepo malo otero chibadwire. Ndinamupeza kuseri, atawerama pa beseni, mapazi ali m'madzi. Achemwali, mwana uja watha. Nkhope yatupa koma mikono ndi timitengo. Atandiona anakhala pansi pa kireti n'kubisa nkhope m'diresi lanu lija. Sindinalalikire, monga munanenera. Ndinangoti, "Tiye kwathu." Anati amalize kaye mwezi, ndiye tagwirizana kuti ndidzamutenga Lachisanu likudzali pa 28.

Chipinda ndakonza. Ndatulutsa guluu yense ndi sipiriti wa polishi, chifukwa ndamva kuti anthu otere amamwa chilichonse. Ndakhoma mashelefu awiri, ndaika matiresi, chidebe ndi mpando. Pawindo pali kale zitsulo. Pachitseko ndakhoma chokolekera loko, chakunja, ndi misomali inayi yaitali. Iyeyo za loko sindinamuuze. Tidzayamba Loweruka m'mawa pa 1 Malichi. Mlamu wanu azidzapereka chakudya pawindo.

Buku latsopano ndagula kale, lili m'thumba la jekete.

Ndinene chilungamo, pokhoma chitsulo chija dzanja linandilemera. Zitseko ndapanga zambiri, koma sindinatsekerepo munthu. Komabe inu ndinu wamkulu, ndipo ndinu amene mumamudziwa bwino mwanayu.

Ndine mlongo wanu

24 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Diresi ndalandira, landikwana, zikomo.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Chimodzi! Mwachita kundivula pamaso pa Achimwene. Munthu wamkulu uja kuima pakati pa makireti, chipewa chili m'manja, misozi ili lengelenge, bola akanandimenya. Tsopano ndidzauzanso ndani zakukhosi?

Mwati ndisiye lero lomwe. Ndinayesa, musaganize kuti sindimufuna mwanayu. Lachitatu ndinadzuka osamwa kanthu. Pofika masana thukuta linali kamukamu, ndinasanza kanayi, mtima ukugunda ngati ukufuna kutuluka. Chakumadzulo miyendo inayamba kudumpha yokha, ndipo mwana m'mimba anangoti zii, osagunda. Ndinachita mantha, ndinamwa theka la kapu, patapita kanthawi ndinamumva akutembenuka. Ndiye mundiuze, Achemwali, ndikamwa ndikumupha, ndikasiya ndikumupha, ndilowere kuti? Si shuga uyu.

Mutu ukundiwawa masiku ano, kuno kutsogoloku, ndipo mapazi sakulowa mu nsapato. Lachinayi ndinapita mpaka pa geti la chipatala. Ndinaima pamenepo pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, ndikuona windo la kachipinda kaja ka nambala 4. Wa magalasi uja ndinamuona akudutsa. Koma kuti ufike kumeneko uyenera kudutsa kaye pa sikelo ya wamfupi uja, ndipo buku langa ndi long'ambika, adzandifunsa kuti tsamba lili kuti. Ndinagula nthochi imodzi n'kubwerera.

Kwa Achimwene ndipita, ndilibe kwina. Ati andikonzera chipinda chabwino. Koma ndikuopa, Achemwali, sindikudziwa chimene ndikuopa.

Mzime

27 Febuluwale

Achimwene,

OSATSEKA CHITSEKO CHIJA. Moni ndipereka pambuyo, werengani kaye izi.

Lero masana kunabwera kasitomala wanga wina, mayi wachikulire amene anagwira unamwino zaka makumi atatu asanapume. Amafuna ndimuikire mabatani pa juzi. Potsegula kabati ya makina, tsamba la inki yofiira limene Mzime anang'amba m'buku lake la sikelo linagwa pansi, iwo n'kulitola. Ndinati ndiwalande, koma anali atavala kale magalasi. Anawerenga, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Mayi ameneyu ali kuti pano?" Ndinayamba kuzungulira, ndiye anandikalipira ngati mwana wa sukulu, mpaka ndinaulula zonse, ndi za loko zomwe.

Achimwene, mayiwo anagwira pakamwa. Ati inki yofiira si yonyoza, ndi yochenjeza anzawo kuti munthu uyu asachedwetsedwe pa mzere. Ati tsambalo likunena zinthu zitatu. Choyamba, magazi ake akuthamanga kwambiri. Chachiwiri, thupi lake linazolowera mowa moti akausiya mwadzidzidzi payekha angathe kugwa ngati wakhunyu, n'kufa iye kapena mwana, kapena onse awiri. Mawu odulidwa mizere aja ndi amenewo, akuti asasiye yekha kunyumba. Chachitatu, anamulembera kuti abwere Lachinayi lotsatira adzagonekedwe, amusiyitse pang'onopang'ono ndi mankhwala akumuyang'anira. Nesi amene analemba tsambalo potuluka ankakamupezera bedi! Pansi penipeni pali mzere wina, koma unang'ambikira pakati, sanathe kuuwerenga.

Ati masiku oopsa ndi lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi munthu atasiya. Ndiye masiku omwe ine ndinakuuzani kuti musamvere kulira kwake.

Safunsa anadya phula, ndipo wadya phula ndine. Masabata awiri tsambali lakhala ndi mabatani, ine ndikusoka pamwamba pake.

Kalatayi ikupezani Lachisanu madzulo, nthawi ikadalipo. Mukamutenga ku bala musapite naye kwanu, mupite naye ku chipatala chomwe chija, chipinda nambala 4, ndi buku lakale, ndi tsambali ndaikamu. Mukanene zoona zonse. Zimene ndinalemba poyamba zija muotche.

Moni kwa mlamu wanga. Mundiyankhe msanga, sindikudya.

Mlongo wanu

3 Malichi

Achemwali,

Ndayamba ndi moni. Lole sinabwere Lachisanu, akuti mvula yaononga msewu, ndiye sindinamve chilichonse kuchokera kwa inu. Ndikulemba kuti ikadzafika idzapeze kalata ili kale.

Zonse zikuyenda monga munanenera. Ndinamutenga Lachisanu, anagona bwino. Loweruka m'mawa ndinakoleka loko. Atamva kulira kwa loko anafika pachitseko n'kunena kuti, "Achimwene, mwanditsekera?" Ndinati ndi chifukwa cha mwana. Sanatukwane.

Loweruka lonse anasanza. Dzulo anayamba kupempha, ati kapu imodzi yokha, ati apo ayi ndimuperekeze ku chipatala kwa nesi wa magalasi. Ndinakumbukira mawu anu akuti adzanama kuti akufa, ndiye ndinayatsa makina opalira matabwa kuti ndisamve. Mulungu andikhululukire, ndinagwira ntchito Lamulungu.

Lero ndi tsiku lachitatu. Phala sakudya, akuti muli nyerere. Akuti nyerere zadzaza khoma lonse, zikumukwera m'miyendo, koma ine ndasuzumira pawindo, mulibe nyerere ngakhale imodzi. M'mawa uno amayankhula ndi malemu amayi, kuwauza kuti asunthe akhale pa matiresi. Diresi lanu lija lanyowa ndi thukuta ngati analiviika. Mlamu wanu akulira, akuti titsegule, tayambana mpaka wapita kwa anzake.

Ine ndikuganiza kuti ndi mowawo ukutuluka m'thupi, monga chiphuphu chimawawa kwambiri chikatsala pang'ono kuphulika. Ndi choncho, eti, Achemwali? Mukanakhala pafupi ndikanakufunsani. Kiyi ndamuika m'bokosi la zipangizo, ndipo bokosilo ndalitseka, kuopa mtima wanga.

Ndilimba mpaka masabata awiri akwane.

Ndine mlongo wanu

6 Malichi

Bambo a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndinafika, ndipo ndikulembera pa benchi la chipatala, pepala lili pabondo. Ndinachoka osalongosola bwino, ndiye ndikuuzeni zonse mwadongosolo.

Munaona nokha adalaivala aja atandibwezera kalata yanga Lamulungu, kuti anadikira masiku awiri pa mlatho wokokoloka n'kubwerera. Njira yozungulira ija ndi yaitali kuposa mmene tinkaganizira. Ndinakwera mabasi atatu, kwina tinatsika n'kukankha m'matope, ndinafika m'tauni Lachiwiri cha m'ma teni koloko.

Shopu ndinaipeza yotsegula, mulibe munthu. Kachipinda kakuseri chitseko chili pululu, loko ali pansi pamodzi ndi chokolekera chake, misomali itazuka ndi thabwa lomwe. Mkati fungo la masanzi, matiresi atatembenuzika. Pa benchi panali kalata yolembera ine, ya nyerere ndi malemu amayi. Ndinaiwerenga chiimire. Wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana ndiye anandiuza kuti m'mawa anamva chinthu chikugunda chitseko ngati mbuzi ikuphupha, kenako Achimwene akukuwa. Kiyi anakanika kumupeza, anathyola ndi chitsulo chozulira misomali. Anamutengera Mzime ku chipatala pa galimoto ya wogulitsa simenti.

Mwamwayi chipatala chapafupi ndi chomwe chija anathawako. Achimwene ndinawapeza pakhonde, malaya ali magazi chifukwa Mzime anadziluma lilime. Anati wagwa katatu, madokotala akumupatsa mankhwala a amayi othamanga magazi koma kugwako sikukusiya. Ndinafunsa kuti, "Mwawauza za mowa?" Anandiyang'ana ngati mwana, n'kunena kuti, "Andifunsa kawiri, ndakana. Ndapereka buku latsopano. Si mmene munanenera?"

Bambo a ana, mawu amenewo adzandipweteka mpaka m'manda.

Ndinathamangira pa tebulo la manesi. Amene anali pamenepo ndinamuzindikira ndisanamuonepo, wamfupi, mawu ngati belu. Anati nthawi yoona odwala sinakwane, ndikakhale pa benchi. Ndinayesa kunong'ona, iye ati, "Mayi, yankhulani zomveka, ndili ndi ntchito." M'khondemo munali anthu odzaza, azimayi ndi mabeseni awo, azibambo, onse akuyang'ana. Ine amene ndinalemba ndi dzanja langa kuti za m'nyumba zithere m'nyumba, ndinakuwa kuti, "Mng'ono wanga ali mkatimo amamwa mowa tsiku lililonse, zaka zitatu! Tinamutsekera m'chipinda kuyambira Loweruka kuti asiye! Tanama ndife!" Ndinamenyetsa tsamba lija pa tebulo.

Wamfupi uja anayang'ana inki yofiira, nkhope inasintha, anatenga tsambalo n'kuthamanga, nsapato zikulira. Sipanapite nthawi, dokotala anatuluka, mtsikana wamng'ono woti ndingamubereke. Sanatikalipire, anangofunsa kuti anamwa komaliza liti, wochuluka bwanji. Kenako anati, "Mukanatiuza m'mawa." Basi, mawu awiri okha, n'kulowanso.

Anamuonjezera mankhwala ena, kugwa kuja kunasiya chakumasana. Koma mtima wa mwana unayamba kutsika, ndiye anamuchita opaleshoni madzulo omwewo. Ndi mtsikana. Ndi wochepa moti angagone m'bokosi la nsapato, kilo imodzi ndi theka. Ali m'kagalasi kofunditsa, ndi kapaipi m'mphuno. Akupuma. Dokotala wati tisalonjezane kanthu mpaka sabata ithe.

Mzime anatsegula maso dzulo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Sindinamukakamize. Nesi wa magalasi uja anabwera, anakhala pa bedi n'kumugwira phazi, ati, "Ndinakufunafunatu, mayi. Bedi lako ndinalisunga masiku awiri." Mzime analira mpaka ndinaopa kuti ulusi wa pamimba uduka.

Achimwene akungokhala panja pa chipinda cha ana osakwana masiku, chipewa chili m'manja. Ndawauza kuti mlandu ndi wanga, iwo ati loko anakoleka ndi dzanja lawo.

Mayunifolomu otsala aja muwauze aphunzitsi adikire. Mwana wamkulu aziphikira anzake, ndipo musamulole kukhudza makina anga. Sindikudziwa tsiku lobwerera.

Ndine mayi a ana anu

7 Epulo

Achemwali,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndamva kuti munafika bwino ndipo mlatho anaukonza. Masabata atatu munakhala pano ndinkangokuyankhani ndi mutu, ndiye ndati ndilembe, pakamwa pamandivutabe.

Mwana wafika makilo awiri. Anamuchotsa m'kagalasi, pano ndimamusunga pachifuwa tsiku lonse, mkati mwa diresi lanu labuluu, malo munasiya aja agwira ntchito. Akuyamwa, koma amatopa msanga. Ndinafunsa a nesi a magalasi ngati mowa unamuononga m'mutu. Sanandinamize. Ati sitingadziwe pano, tidzaona akamakula, pokwawa, poyankhula, mwina mpaka ku sukulu, ndipo chilichonse chimene tidzaone tidzachigwirira ntchito. Ndikamuyang'ana kamlomo kake ndimadzida, Achemwali, osati pang'ono.

Sindinamwe kuyambira tsiku lija, koma musandiombere m'manja. Ndimaufuna. Akamapukuta pamkono ndi sipiriti kuti andibaye, malovu amadzaza m'kamwa. Ndinawauza a nesi zimenezo, ati ndizinena choncho nthawi zonse, ndipo akatitulutsa ndizibwera Lachinayi lililonse ku nambala 4. Tiliko asanu ndi mmodzi, wina ndi wa mapiritsi, wina wa chamba. Wamfupi uja akukuwabe pa sikelo, dzana anakuwira mtsikana wina mpaka anathawa. Ndinamutsatira mpaka pa geti ndi mwana pachifuwa, sindinamupeze.

Achimwene amabwera masana aliwonse ndi tiyi m'fulasiki. Apanga kabedi ka mwana, ati kachipinda kaja achotsamo chitseko chonse, aika katani. Ndinaseka koyamba tsiku limenelo, mpaka bala linawawa.

Inu sindinakukhululukireni bwinobwino, ndisaname. Ndikatseka maso ndimamvabe loko uja. Koma anandiuza azimayi a m'chipinda muno mmene munakuwira pakhonde, mpaka pano amakutchulani kuti mayi a sipika. Ndikudziwa mmene manyazi amakupwetekerani inuyo.

Tsiku lonyamuka munandisiyira buku lakale lija pansi pa pilo. Ndinaliona mutapita. Mwalisoka bwino tsamba lija, timisoko tating'ono ngati ta pa kolala, mbali ziwiri zong'ambika zakumana ndendende. Mzere wa pansi uja, umene theka linatsalira m'buku, tsopano ukuwerengeka. Ndinawapempha a nesi kuti andiwerengere tsamba lonse, liwu ndi liwu, chifukwa tsiku lija sindinamve kanthu. Anawerenga za magazi, za bedi, za kusasiya ndekha. Atafika pa msoko wanu anaima, n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti, "Mayi uyu wabwera yekha ndipo wanena zoona. Mulandireni bwino."

Ndiye zimene ndinang'amba n'zimenezo, Achemwali.

Buku latsopano lija ndawabwezera Achimwene kuti azilembamo miyezo ya matabwa. Ine Lachinayi ndikupita ndi lofiira lomweli, ndipo ndikadutsa nalo pa sikelo lili lotsegula.

Mundisokere timalaya tiwiri, tating'ono kwambiri. Muyezere pa botolo.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime